Mmene mungawerengere tsiku ndi chaka m'makumi, ndi pamene muyenera kulekezera

Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Nambala imeneyi muiloweze pamtima, chifukwa masamu onse amene ndikuonetseni pano atsamira pa iyo. Imabwera mukachulukitsa maola 24 ndi mphindi 60, kenako n'kuchulukitsanso ndi masekondi 60. Anthu ofuna kusintha kawerengedwe ka nthawi amafunsa kuti nambala yokhota chonchi tikuisungiranji, bwanji tsiku osangokhala ndi maola 10, ola mphindi 100, mphindi masekondi 100, zonse pamodzi masekondi 100,000? Pa nkhani ya tsiku ine ndimagwirizana nawo ndithu. Pa chaka ndimawaperekeza pang'ono chabe. Pa sabata timasiyana.

Dongosolo limene tigwiritse ntchito ndi la ku France, la pa nthawi imene anthu kumeneko anagwetsa ufumu n'kuyamba kukonza zinthu zonse mwatsopano. Pa 24 Novembala 1793 boma linalamula kuti tsiku, kuyambira pakati pa usiku kukafika pakati pa usiku wotsatira, ligawidwe m'maola 10. Amisiri anapangadi mawotchi otere, ena okhala ndi manambala akale ndi atsopano pankhope imodzi kuti mwini wake asasokonezeke. Koma sizinapite patali. Pa 7 Epulo 1795 anasiya kukakamiza anthu kutsata nthawi yatsopanoyi, ndipo lamulo limene linachita zimenezi ndi lomwelonso limene linakhazikitsa mita, lita ndi galamu. Miyezo inayo inafalikira dziko lonse lapansi, wotchi yokha ndiyo inatsala m'mbuyo.

Yambani ndi kumva kutalika kwake

Musanagwire cholembera, zoloweretsani mutu wanu kukula kwa magawo atsopanowa. Ola latsopano ndi lalitali kwambiri: limakwana maola 2 ndi mphindi 24 za wotchi yathu ya masiku onse, kapena kuti mphindi 144. Mphindi yatsopano ndi masekondi 86.4, kutanthauza mphindi imodzi ndi theka kupereweza pang'ono. Sekondi yatsopano ndiyo yofupikirapo, 0.864 ya sekondi imene timaidziwa.

Gawo limene ndimaliona lothandiza kuposa onse ndi mphindi 10 zatsopano. Zimakwana mphindi 14.4 zakale, pafupifupi kota ya ola, ndipo tsiku limakhala ndi magawo otere 100 ndendende. Si zachilendo ayi. Ku China, kwa zaka mazana ambiri, tsiku ankaligawa m'magawo 100 otchedwa ke, mpaka m'zaka za m'ma 1600 pamene anawachepetsa kukhala 96 kuti gawo lililonse lifanane ndi mphindi 15 za mawotchi a ku Ulaya. Mukamaganiza m'magawo amenewa, ndiye kuti mukuwerenga tsiku m'maperesenti. Munthu akati nthawi ili 6:40, akutanthauza kuti 64 peresenti ya tsiku yapita.

Kenako lowezani nthawi zinayi zokha. Pakati pa usiku ndi 0:00. 6 koloko m'mawa ndi 2:50. Masana dzuwa lili paliwombo, 12 koloko, ndi 5:00. 6 koloko madzulo ndi 7:50. Nthawi ina iliyonse mutha kuiyerekeza poona kuti ili pakati pa ziti.

Kusintha nthawi ndi cholembera

Tengani nthawi imene ili pa wotchi yanu, m'kawerengedwe ka maola 24. Sandutsani zonse zikhale masekondi: maola muchulukitse ndi 3,600, mphindi muchulukitse ndi 60, muphatikize. Yankho lake muligawe ndi 86,400. Mupeza nambala yoyamba ndi ziro ndi kadontho. Tsono apa ndi pokoma: nambala yoyamba pambuyo pa kadontho ndi ola, ziwiri zotsatira ndi mphindi, ziwiri zinazo ndi masekondi. Palibenso china chowerengera.

Tiyese ndi 14:30. Maola 14 ndi masekondi 50,400, mphindi 30 ndi masekondi 1,800, pamodzi 52,200. Tikagawa ndi 86,400 tikupeza 0.60417. Ndiye kuti nthawi ili 6:04:17. Tiyesenso 21:15. Masekondi ake ndi 76,500, tikagawa tikupeza 0.88542, ndiye 8:85:42. Inde, mphindi 85. Diso limakana poyamba, limafuna kuti zikafika 59 zidumphe, koma pano zimapitirira mpaka 99.

Ngati masekondi mulibe nawo ntchito, fupikitsani: sandutsani nthawi ikhale mphindi zokhazokha, n'kugawa ndi 1,440.

Pobwerera, lembani nthawi yatsopanoyo ngati nambala imodzi yoyamba ndi ziro, muchulukitse ndi 24. Mwachitsanzo 7:30 ndi 0.73. Kuchulukitsa ndi 24 kukutipatsa 17.52. Maola ndi 17. Chotsalacho, 0.52, muchulukitse ndi 60, mupeza 31.2, ndiye mphindi 31. Kotsala 0.2 kaja ndi masekondi 12. Nthawi ndi 17:31:12. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, amaona 17.52 n'kuwerenga kuti 17:52, pomwe 52 ameneyo ndi magawo a pa 100, si mphindi.

Msampha womwewu umagwira anthu owerengera malipiro a pa ola. Munthu wagwira ntchito maola 7 ndi mphindi 45, wolemba n'kuika 7.45 m'makina owerengera. Zoona zake ndi 7.75, chifukwa mphindi 45 ndi magawo atatu a magawo anayi a ola. Wantchitoyo walandidwa mphindi 18 tsiku limenelo popanda wina kufuna kumubera. Aliyense amene anaonapo zimenezi amamvetsa msanga chimene a ku France aja ankafuna.

Kompyuta yanu imawerenga kale chonchi

Ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets, ntchito yachepa. Mapulogalamu amenewa amasunga nthawi ngati gawo la tsiku: 12 koloko masana kwa iwo ndi 0.5, 6 koloko m'mawa ndi 0.25. Zimene mumaona pagalasi ndi chovala chabe. Lembani 14:30 m'kabokosi A1, m'kabokosi kena mulembe =A1*10, kenako muuze pulogalamuyo kuti kabokosi kachiwirika kaonetse nambala wamba yokhala ndi malo anayi pambuyo pa kadontho. Muona 6.0417. Mukafuna nthawi ya panopa, lembani =MOD(NOW(),1)*10. Dziwani kuti nambalayi siyenda yokha ngati wotchi, imasintha pokhapokha tsambalo likawerengedwanso.

Akatswiri a zakuthambo nawonso anasankha njira yomweyi kalekale. Iwo amawerenga masiku mondondoza popanda miyezi kapena zaka, nthawi n'kuilemba pambuyo pa kadontho. M'kawerengedwe kawo, kamene kamayamba masana osati usiku, 12 koloko masana a pa 1 Januwale 2000 ndi 2451545.0. Akafuna kudziwa kuti pakati pa kadamsana uyu ndi uyo padutsa nthawi yaitali bwanji, amangochotsera nambala ina pa inzake.

Ubwino wonse wa nthawi ya makumi wagona pa kuchotserako. Mwayamba ntchito 3:62, mwaweruka 7:15. 7.15 kuchotsa 3.62 ndi 3.53, basi. Pa wotchi yakale mukanayamba kubwereka 60 ku ola, kenako n'kukayikira ngati mwabwereka bwino.

Kusandutsa wotchi yapakhoma

Izi ndimazikonda chifukwa sizifuna kugula kanthu. Muvi waufupi wa wotchi wamba umazungulira kamodzi pa maola 12, ndipo maola 12 ndi maola atsopano 5 ndendende. Ndiye ntchito yanu ndi kugawa nkhope ya wotchi patatu ayi, panayi ayi, koma pasanu. Timizere ta mphindi tilipo kale 60 m'mphepete mwake, choncho gawo lililonse litenga timizere 12. Dulani pepala lozungulira lokwana pankhopeyo. Pamwamba, pamene pali 12, lembani 0 ndi 5. Pa kamzere ka mphindi 12 lembani 1 ndi 6. Pa 24 lembani 2 ndi 7, pa 36 lembani 3 ndi 8, pa 48 lembani 4 ndi 9. Nambala yaing'ono ndi ya m'mawa, yaikulu ndi ya masana ndi usiku.

Pakati pa nambala ndi inzake mugawe pakhumi. Ngati muli ndi choyezera makona cha kusukulu, kagawo kalikonse ndi madigiri 7.2. Mukatero muvi waufupi uzikuuzani nthawi mpaka pa mphindi 10 zatsopano, ndipo n'zokwanira pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Muvi wautali uchotseni kapena muziungounyalanyaza. Umazungulira kamodzi pa mphindi zatsopano 41.67, nambala yopanda ntchito iliyonse.

Ikani wotchiyo pamene mumayang'ana kawirikawiri, muisiye sabata ingapo. Mudzaona msanga vuto loyamba. Maola 8 ogona, kapena ogwira ntchito, amasanduka 3:33:33 ndi ma 3 osatha. Masewero a mpira wamiyendo a mphindi 90 amakhala mphindi 62.5, apa bola. Koma chilichonse chogawidwa patatu chimavuta. Fakitale yoyenda usana ndi usiku imagawa antchito m'magulu atatu a maola 8, ndipo pa wotchi ya makumi kusinthana kwawo kungagwere pa nthawi yosalembeka bwinobwino. Chifukwa chake n'chosavuta. Nambala 10 imagawika ndi 2 ndi 5 basi. Nambala 60, imene tinatengera kwa Ababulo, imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30. Makumi ndi abwino pophatikiza ndi pochotsera. Pogawana, 12 ndi 60 amawaposa kutali.

Palinso vuto lina limene a mu 1793 analibe. Masiku ano sekondi si gawo la tsiku ayi. Kuyambira 1967 imayezedwa ndi kugwedezeka kwa cheza cha atomu ya caesium-133, maulendo 9,192,631,770, ndipo miyezo ya liwiro, mphamvu ndi magetsi yonse inamangidwa pa sekondi imeneyi. Kuifupikitsa kukhala 0.864 n'kugwedeza mabuku onse a sayansi ndi makina onse. N'chifukwa chake ndimati nthawi ya makumi muzigwiritsa ntchito powerengera, koma musayembekezere kuti boma lina lidzailamula.

Kalendala

Apa zinthu zimayamba kulimba, chifukwa tsiku ndife tinaligawa, koma chaka si ife. Dziko limatenga masiku pafupifupi 365.2422 kuti nyengo zibwerere pomwe zinayambira, ndipo mwezi wakumwamba umatenga masiku 29.53 kuti uonekenso mwatsopano. Palibe msonkhano umene ungavotere kuti chaka chikhale masiku 100 kapena 1,000. Mutalamula choncho, mwezi wodzala mbewu ungamagwere m'chilimwe chaka chino, m'dzinja chaka chamawa.

A ku France anadziwa zimenezi, ndipo komiti imene ankaitsogolera Gilbert Romme sinayese n'komwe miyezi 10. Inasunga miyezi 12, uliwonse wa masiku 30, n'kuugawa m'masabata atatu a masiku 10. Zimenezi zimakwana 360. Masiku 5 otsalawo, kapena 6 m'chaka chachitali, anawaika kumapeto ngati masiku a zikondwerero osakhala m'mwezi uliwonse. Aiguputo akale ankachita chimodzimodzi, ndipo kalendala ya ku Ethiopia mpaka lero ili ndi miyezi 12 ya masiku 30 ndi kamwezi kakang'ono ka masiku 5 kapena 6 kotchedwa Pagume.

Chaka choyamba anachiyambira pa 22 Seputembala 1792, tsiku loyamba la boma lopanda mfumu, lomwenso linali tsiku limene usana ndi usiku zimalingana. Mayina a miyezi anapeka ndi wolemba ndakatulo Fabre d'Églantine potsata nyengo za ku France: Vendémiaire, Brumaire, Frimaire, kenako Nivôse, Pluviôse, Ventôse, kenako Germinal, Floréal, Prairial, pomaliza Messidor, Thermidor ndi Fructidor. Ndi mayina onena za kukolola mphesa, nkhungu, chipale, mphepo, maluwa, kutentha. Okoma kumva, koma ogwira ntchito ku dera limodzi lokha la dziko lapansi. Kum'mwera kwa equator mwezi wa chipalewo umagwa pa nthawi yotentha. Mukamapanga kalendala yanu, ingoipatsani miyezi manambala.

Kapangidwe kake ndi aka. Sankhani tsiku loyambira chaka. Werengani kuti tsiku limene mukufunalo ndi lachingati kuchokera pamenepo, tsiku loyambalo likhale 1. Gawani nambalayo ndi 30. Yankho lathunthu ndi miyezi imene yatha, ndiye muwonjezere 1 kuti mupeze mwezi umene mulimo, ndipo zotsala ndilo deti. Zikapanda kutsala kanthu, ndiye kuti ndi pa 30 pa mwezi umene wangokwanawo. Nambala ikapitirira 360, muli m'masiku owonjezera aja.

Tiyese ndi tsiku lodziwika m'mbiri, 27 Julayi 1794, pamene Robespierre, mmodzi wa atsogoleri a boma la ku France pa nthawiyo, anagwetsedwa. Chaka chachiwiri chinayamba pa 22 Seputembala 1793. Masiku otsala a Seputembala ndi 9. Kuphatikiza Okutobala ndi 40, Novembala 70, Disembala 101, Januwale 132, Febuluwale 160, Malichi 191, Epulo 221, Meyi 252, Juni 282. Tikawonjezera 27 tikufika pa 309. Tikagawa ndi 30 tikupeza 10, kutsala 9. Mwezi wa 11 ndi Thermidor, ndiye 9 Thermidor, monga momwe mabuku a mbiri amalitchulira tsikuli.

Chosangalatsa pa kalendala yotere n'chakuti tsiku la sabata simulifunsa. Nambala yomaliza ya deti ndiyo imakuuzani. Pa 3, pa 13 ndi pa 23 nthawi zonse ndi tsiku lachitatu, limene iwo ankalitcha tridi. Pa 10, pa 20 ndi pa 30 ndi décadi, tsiku lopuma. Kalendala imodzi ingakutumikireni moyo wanu wonse osagulanso ina.

Chaka chachitali muchisamale. Lamulo la ku France linkati chaka chiziyamba tsiku limene usana ndi usiku zalingana malinga ndi kuyeza kwa akatswiri a ku Paris. Zikumveka zanzeru, koma zikutanthauza kuti munthu wamba sangadziwe yekha kuti chaka chakutichakuti chidzakhala ndi masiku angati, ndipo nthawi zina pakati pa zaka zazitali ziwiri pamadutsa zaka 5 m'malo mwa 4. Romme anaona vutoli n'kukonza lamulo la masamu, koma anafa mu Juni 1795 lisanavomerezedwe. Inu musavutike nazo. Bwerekani lamulo la kalendala ya Papa Gregory XIII ya mu 1582: chaka chogawika ndi 4 chimalandira tsiku lowonjezera, kupatula zaka zothera ndi maziro awiri zimene sizigawika ndi 400. Ndipo mukayambira chaka chanu pa 1 Januwale, chiyambi cha chaka ndi zaka zanu zazitali zizigwirizana ndi za anthu ena popanda kuwerengera kwina.

Sabata musaikhudze

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi okonda makumi. Werengani masiku opuma. Sabata ya masiku 7 imapatsa munthu masiku 52 opuma pa chaka. Ya masiku 10 imamupatsa 36, kuwonjezera masiku a zikondwerero aja. Wantchito amene ankapuma akagwira masiku 6 tsopano ankayenera kugwira 9. Pamwamba pa izo, cholinga china cha boma chinali kufafaniza Lamlungu ndi mphamvu za tchalitchi, ndipo anthu ambiri, makamaka akumidzi, anapitiriza kusunga Lamlungu lawo. Sabata ya masiku 10 inathetsedwa mu 1802 Napoleon atagwirizana ndi Papa, ndipo kalendala yonseyo anaichotsa kuyambira pa 1 Januwale 1806. Inadzatulukiranso kwa masiku owerengeka ku Paris mu 1871, n'kuzimiririka.

Ena anayesanso. Soviet Union inayambitsa sabata ya masiku 5 mu 1929, antchito akupuma masiku osiyanasiyana kuti mafakitale asaime. Mwamuna ankatha kupuma lero, mkazi wake mawa, anzake mkuja. Mu 1931 anasintha kukhala masiku 6, ndipo mu 1940 anabwerera ku 7. Ngakhale kalendala yofatsa kwambiri, World Calendar, imene inkasunga masiku 7 koma n'kuika tsiku limodzi pa chaka kunja kwa sabata, inakanika ku United Nations mu 1955, makamaka chifukwa magulu a zipembedzo anakana kuti mndandanda wa masiku 7 udukizidwe. Sabata siitsata dzuwa kapena mwezi. Imakhalapo chifukwa anthu amafuna kupuma ndi kupembedza tsiku limodzi ndi anzawo, ndipo pamenepo masamu alibe chonena.

Amene zinawayendera ndi amene sanakakamize aliyense. Kampani ya Kodak inagwiritsa ntchito kalendala ya miyezi 13 ya masiku 28 m'mabuku ake a ndalama kuyambira 1928 mpaka 1989, antchito ake akupitiriza kukhala moyo wawo pa kalendala ya aliyense. Kampani ya mawotchi ya Swatch nayo mu 1998 inagawa tsiku m'magawo 1,000 a masekondi 86.4, ofanana ndendende ndi mphindi ya ku France ija, kuti anthu a pa intaneti azipangana nthawi imodzi dziko lonse. Iyi sinafalikire, mwa zina chifukwa inkayambira pakati pa usiku wa ku Biel ku Switzerland, pomwe dziko linali nayo kale nthawi yogwirizana ya UTC.

Ndiye inu chitani monga anachitira a Kodak. M'buku lanu la ntchito, kapena mu Excel, lembani tsiku ngati nambala imodzi: tsiku la chaka, kadontho, kenako gawo la tsiku. 14:30 pa 10 Febuluwale ndi 41.604, chifukwa Januwale ali ndi masiku 31 ndipo 31 kuphatikiza 10 ndi 41. Ntchito ikatha pa 12 Febuluwale 6 koloko madzulo, lembani 43.750. Kuchotsera kukupatsani masiku 2.146, ndipo mukafuna maola wamba muchulukitse ndi 24, mupeza 51.5. Ntchito ikadutsa kumapeto kwa chaka, wonjezerani 365 kapena 366 pa nambala yachiwiriyo musanachotsere. Polembera munthu wina uthenga wopangana nthawi yokumana, mubwezereni ku wotchi yake kaye.